Kuyenda m'mapiri a Ntcheu pamene chilimwe chikutsazika

Kusanache bwinobwino, njira za m'mapiri a boma la Ntcheu zimakhala zitadzaza kale ndi anthu. Alimi a ku Tsangano ndi ku Lizulu amakhala akutsika ndi matumba a mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato kupita kumene galimoto zingawapeze. Ophunzira amadutsa zitunda ndi makwawa kuti akafike kusukulu belu lisanalire. Amayi amalowera kuthengo kukatola nkhuni, anyamata amapita ndi ng'ombe ndi mbuzi kubusa, ndipo ena amakhala pa ulendo wa kumaliro, kuchipatala kapena wokazonda abale kuseri kwa phiri. Kwa anthu ambiri a m'madera amenewa, phiri ndiwo msewu wawo wa tsiku ndi tsiku.

Miyezi ya Okutobala, Novembala ndi masabata oyambirira a Disembala ndi imene maulendo oterewa amafuna nzeru zambiri. Imeneyi ndi nyengo imene chilimwe chikutsazika koma dzinja lisanakhazikike. Mitengo ya m'thengo imakhala itaphukira masamba atsopano, masuku akuyamba kupsa, ndipo njira zimakhala zouma ndi zokopa kuyenda. Koma tsiku limodzi lomwelo likhoza kuyamba ndi dzuwa loswa mtengo, masana n'kubwera mabingu ndi matalala, madzulo n'kugwa chifunga chozizira. Munthu amene akudziwa chimene chimachititsa kusintha kumeneku, ndiponso nthawi imene kumakonda kuchitika, amatha kukonza ulendo wake kuti akafike ndi kubwerako ali bwino.

Chifukwa chimene nyengo ya kumapiri sikhazikikira

Boma la Ntcheu ndi lalikulu masikweya kilomita 3,424, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti muli anthu 659,608. Dera limeneli lili ndi nkhope ziwiri. Kum'mawa kuli chigwa cha Bwanje, chotsika ndi chotentha, chimene chimalowera cha kunyanja. Kumadzulo kuli mtandadza wa mapiri otchedwa Kirk Range, dzina lochokera kwa John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene ankayenda ndi David Livingstone. Msana wa mapiri amenewa ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo m'malo ena msewu wa M1 umayenda m'malire momwemo. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, boma la Ntcheu lili pa mamita opitirira 1,000, pamene madera ena a ku Tsangano amapitirira mamita 1,500.

Kusiyana kwa msinkhu kumeneku ndiko gwero la nkhani yonse. Mpweya umazizira munthu akamakwera: pa mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake munthu wonyamuka ku Kasinje kapena ku Sharpevale atavala malaya opyapyala amayamba kufuna juzi akafika kumtunda, ngakhale dzuwa ndi lomwelo.

Dzuwa likawomba m'chigwa m'mawa, nthaka imatentha ndipo mpweya wa pamwamba pake umapepuka n'kuyamba kukwera motsata mapiri. Ukafika pamwamba umazizira, ndipo chinyontho chimene unanyamula chimasanduka mitambo. Ichi ndicho chifukwa chake mitambo imayamba kuunjikana pamwamba pa phiri la Ntcheu, la Mvai, la Dzonzi ndi la Chirobwe pamene kuchigwa kukadali ngwee. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wa m'mwamba umakhala wokhazikika, kotero mitambo sikula kwambiri. Imangobweretsa chifunga ndi mvula yowaza ya chiperoni. Koma pofika Okutobala ndi Novembala, mphepo ya mwera imafooka, ya mpoto imayamba kuwomba, ndipo mpweya wachinyontho wochokera ku Congo ndi kunyanja yamchere ya Indian umayamba kulowa m'dziko muno. Mpweya wonyowawu ukakumana ndi nthaka yotentha kwambiri, kamtambo koyera kakhoza kukula n'kusanduka chimtambo chakuda cha mabingu ola limodzi lisanathe.

Mvula yoyamba yotereyi ndi imene makolo anaitcha chizimalupsa, chifukwa imagwa pa malupsa, malo amene moto unatentha. Imagwa mwa apo ndi apo: mudzi wina ukhoza kunyowa pamene mudzi woyandikana nawo uli pa fumbi. Chofunika kwambiri kwa woyenda n'chakuti mvula ya mtundu umenewu imadalira kutentha kwa dzuwa, choncho kawirikawiri imagwa kuyambira masana mpaka madzulo. M'mawa ndiyo nthawi yodalirika yodutsa pamalo okwera.

Mphenzi

Pa zoopsa zonse za nyengo ino, mphenzi ndiyo imene sipatsa munthu mpata wachiwiri. Mphenzi ndi mphamvu ya magetsi imene imasonkhana mumtambo n'kufuna njira yofikira pansi, ndipo kawirikawiri imatera pa chinthu chimene chatalika kuposa zinzake pamalopo. Pamsana pa phiri, pathanthwe kapena padambo lopanda mitengo, chinthu chachitalicho chikhoza kukhala munthu amene wasenza mtolo.

Pali njira yosavuta yodziwira kutalika kwa mtunda umene mphenzi ili. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda pang'onopang'ono, pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu alionse. Munthu akaona kung'anima n'kuwerenga mpaka 15 bingu lisanamveke, ndiye kuti mphenziyo yagwa pa mtunda wa makilomita asanu. Akatswiri a zanyengo amalangiza kuti ngati bingu lamveka masekondi 30 asanakwane, munthu ali kale m'dera loopsa, ndipo ndi bwino kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanapitirize ulendo. Mphenzi imatha kugwa ngakhale pamalo pamene mvula sinayambe kudontha.

Malo abwino obisalamo ndi nyumba yomangidwa bwino, monga sukulu, tchalitchi kapena chipatala, ndiponso m'galimoto yotsekeka. Mtengo umene waima paokha, ngakhale uli ndi mthunzi wabwino chotani, ndi malo oipitsitsa ousapo mvula ya mabingu, chifukwa mphamvu ya mphenzi imatsika ndi thunthu n'kufalikira m'nthaka kapena kulumphira kwa amene watsamira. Chimodzimodzinso zisakasa zopanda zipupa, kukhomo kwa mapanga ang'onoang'ono ndi m'mphepete mwa mipanda ya waya. Munthu amene mabingu amupeza pamwamba ayenera kutsika msanga kuchoka pamsana pa phiri, koma osakalowa m'khwawa. Makasu, nkhwangwa ndi zikwanje aziike patali, popeza chitsulo chimadutsitsa mphamvu ya mphenzi mosavuta. Ngati anthu ali pagulu, atalikirane kuti mphenzi imodzi isawapweteke onse, ndipo asagone pansi chathyathyathya. Abusa auzidwe momveka bwino kuti moyo wawo ndi wofunika kuposa ziweto, kuti asamaope kukalipiridwa akathawa mvula n'kusiya ng'ombe kubusa.

Anthu ena amaopa kukhudza munthu amene waombedwa ndi mphenzi poganiza kuti mphamvuyo ikadali m'thupi mwake. Thupi la munthu silisunga magetsi, ndipo palibe choopsa kwa womuthandiza. Anthu ambiri oombedwa ndi mphenzi amapulumuka akalandira thandizo msanga. Wovulalayo athamangitsidwe kuchipatala chapafupi ngakhale akuoneka kuti watsitsimuka, chifukwa mtima umatha kukhala utasokonezeka. Zokambirana zofuna kudziwa chimene chachititsa ngoziyo zikhoza kudikira, koma wovulalayo sangadikire.

Madzi a m'makwawa

Mitsinje ya Rivirivi, Livulezi ndi ina yambiri imayambira m'mapiri a boma lino, ndipo imadyetsedwa ndi makwawa osawerengeka amene m'chilimwe amakhala ouma. Anthu amazolowera kuyenda m'makwawa amenewa ngati njira zachidule. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mawu amenewa amaoneka kuona kwake pa mvula yoyamba. Nthaka imene yawauka ndi dzuwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, udzu wake n'kupsa ndi moto, simwa madzi msanga. Mvula yamphamvu ikagwa pamtunda wotere, madzi ambiri amangotsetsereka n'kukasonkhana m'khwawa pa mphindi zowerengeka.

Choopsa n'chakuti madziwo amatha kufika pamalo pamene sipanagwe mvula n'komwe. Munthu wa kumunsi amaona dzuwa likuwala, osadziwa kuti kumtunda kwagwa chimvula. Zizindikiro zake ndi mtambo wakuda umene wakuta phiri kumene mtsinje ukuchokera, mkokomo womveka chapatali, ndi madzi amene ayamba kuda n'kumatenga masamba, timitengo ndi phulusa. Woona zimenezi achoke m'khwawa n'kukwera pamtunda nthawi yomweyo.

Madzi othamanga ali ndi mphamvu yoposa mmene amaonekera. Ngakhale asanafike m'mawondo akhoza kugwetsa munthu wamkulu, makamaka amene wasenza katundu kapena wabereka mwana, ndipo pansi pake pamakhala miyala yogubuduka imene maso saiona. Ubwino wake ndi wakuti mitsinje ya m'mapiri imaphwa msanga monga mmene imadzalira. Kudikira ola limodzi kapena awiri, kapena kupempha malo ogona m'mudzi wa tsidya lomwelo, n'kwanzeru kuposa kuyesa mwayi. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu ali ndi udindo waukulu pa nkhani imeneyi: mvula ikagwa nthawi yoweruka, ana amene amawoloka mitsinje asatulutsidwe mpaka zitadziwika kuti madzi atsika.

Dzinja likakhwima, mvula ya masiku angapo imabweretsa vuto lina, la kugumuka kwa mapiri, limene anthu amalitcha napolo. Dziko lino likukumbukira zimene zinachitika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi paphiri la Soche mu mzinda wa Blantyre pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Woyenda akaona ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo yopendekeka kumene kapena madzi amatope akutumphuka pamalo achilendo, asadutse pamenepo, ndipo akadziwitse amfumu ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Kutentha, moto ndi chifunga

Mvula isanabwere, mdani wamkulu ndi dzuwa. M'chigwa cha Bwanje kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 35 masiku ena, ndipo munthu wokwera chitunda ndi katundu amataya madzi ambiri m'thukuta. Mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu ndi mkodzo wochepa wachikasu kwambiri ndi zizindikiro zoti thupi likusowa madzi. Wotero apume pamthunzi, amwe madzi pang'onopang'ono, ndipo ngati wayamba kusokonezeka maganizo apite naye kuchipatala akumuthira madzi m'thupi. Pa ulendo wa theka la tsiku, malita awiri a madzi abwino pa munthu mmodzi sachuluka. Madzi a m'mitsinje ndi m'zithaphwi mvula yoyamba ikangogwa amakhala atakokolola zonyansa za chilimwe chonse, ndipo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unaphunzitsa dziko lonse mtengo wa kumwa madzi osatetezedwa.

Moto wa m'tchire, umene nthawi zambiri amayatsa osaka mbewa ndi ososa m'minda, umakhala ukadalipo mpaka mvula itakhazikika. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika, chifukwa malawi amayamba aumitsa ndi kutenthetsa udzu umene uli kumtunda kwake. Munthu amene moto uli kumunsi kwake asayese kuuthawa pokwera. Alowere cham'mbali, kapena apite pamalo amene apsa kale, pathanthwe lalikulu kapena m'munda wolimidwa.

Mvula ikagwa, zinthu zimatembenuka. Munthu amene wanyowa, ali pamalo okwera ndipo mphepo ikuwomba, amazizidwa msanga ngakhale mu Novembala. Ana aang'ono, okalamba ndi amene sanadye ndiwo amayamba kufooka. Mowa sutenthetsa thupi monga ena amaganizira. Umachititsa kuti thupi litaye kutentha kwake msanga, komanso umasokoneza mapazi panjira yoterera. Chofunika ndi kuvula zonyowa, kufunda chouma ndi kudya kanthu.

Chifunga chimakonda kukuta madera a Tsangano, Lizulu ndi ena a m'malire mvula ikangokata kapena m'mamawa. Chikagwa, mapiri ndi mitengo imene munthu amazindikirira njira imabisika, ndipo ngakhale mbadwa ya m'deralo ikhoza kuzungulira pamalo amodzi. Pafupi ndi maphompho, chanzeru n'kuima n'kudikira kuti chiyere. M'madera a m'malire, munthu wosokera akhoza kupezeka ali m'dziko la Mozambique osadziwa, ndipo foni yake ikhoza kutaya netiweki ya kuno panthawi imene akuifuna kwambiri.

Kuwerengera nthawi ya ulendo

Ngozi zambiri za m'mapiri zimayamba ndi kuchedwa kunyamuka. M'miyezi imeneyi dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko m'mawa n'kulowa 6 koloko isanakwane kapena itangokwana, ndipo mdima umagwa pasanathe theka la ola dzuwa litalowa. Wonyamuka m'mbandakucha amapeza maola asanu kapena asanu ndi limodzi ozizira bwino, mitambo isanakule.

Mu 1892, William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka njira yowerengera nthawi imene oyenda m'mapiri akuigwiritsabe ntchito m'maiko ambiri. Njirayo imati munthu wamphamvu amayenda makilomita asanu pa ola limodzi, ndipo awonjezere ola lina pa mamita 600 alionse amene akukwera. Motero ulendo wa makilomita khumi wochoka kuchigwa n'kukwera mamita 600 umatenga maola atatu, osawerengera kupuma. Wosenza thumba, woyenda ndi ana kapena woperekeza wodwala awonjezerepo ola lina kapena awiri. Akawerengera n'kupeza kuti 1 koloko masana idzamupeza akadali pamsana pa phiri, ndi bwino kulawirira kwambiri, kusankha njira yodutsa m'midzi ngakhale ili yozungulira, kapena kukonzeka kukagona komweko.

Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo imalengeza mmene kunja kuchere kudzera pa wailesi monga MBC ndi Zodiak, komanso pa masamba a mchezo a pa intaneti. Uthenga umenewu umanena za dera lalikulu ndipo sungatchule phiri lililonse, choncho uyenera kuyendera limodzi ndi maso a woyendayo. Mitambo imene yayamba kutukumuka ngati thonje 10 koloko isanakwane, chithukuta chopanda kamphepo, ndi mphepo yozizira yobwera mwadzidzidzi kuchokera kumene kwada, zonsezi zimasonyeza kuti mvula ili pafupi.

Zonyamula ndi zochita asananyamuke

Katundu wofunika pa ulendo wotere ndi wochepa ndipo ambiri ali naye kale kunyumba. Pafunika madzi akumwa kapena thobwa, kamba monga chinangwa, mbatata kapena mtedza, juzi kapena chitenje chapadera chokulungidwa m'jumbo kuti chisanyowe, pepala la pulasitiki lofunda, tochi, ndodo ndi foni yotchaja. Mabuku a sukulu, buku la kuchipatala ndi chiphaso cha unzika zisungidwenso m'jumbo. Patapata amaterera pa dothi lofiira likanyowa. Nsapato zomanga kapena magambuti zimagwira bwino pansi ndipo zimateteza mapazi.

Nsapato zotseka zimathandizanso pa nkhani ya njoka, zimene zimayendayenda kwambiri kukatentha ndiponso mvula ikayamba. Mphiri sithawa msanga munthu akamayandikira, ndipo imakonda kugona m'njira ndi m'masamba ouma. Wolumidwa asatemedwe mphini pabalapo, asayamwidwe, ndipo asamangidwe chingwe cholimba. Achotsedwe mphete ndi zibangili, mwendo kapena dzanja lolumidwalo lisagwedezeke, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu cha Ntcheu ngati pakufunika kutero.

Kuyenda awiri si mantha. Munthu amene wathyoka mwendo ali yekha m'nkhalango ya Dzonzi akhoza kugona kunja usiku wonse, pamene amene ali ndi mnzake amapeza wokaitana anthu. Ngati kuyenda yekha sikungapeweke, woyendayo auze a pabanja pake njira imene adzere ndi nthawi imene akuyembekeza kubwerako, kuti akachedwa anthu adziwe koyambira kufunafuna.

Udindo wa midzi

Kuopsa kwa njira za m'mapiri kumadaliranso mmene mapiriwo akusamalidwira. Phiri lokhala ndi mitengo ndi udzu limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe, pamene phiri lometedwa limataya madzi onse nthawi imodzi, kudzaza makwawa ndi kukumba zigwembe m'njira. Anthu a m'boma lino anaona zotsatira zake pamene damu la Mpira, limene lili m'dera la nkhalango ya Mvai ndipo limapereka madzi a m'mipope ku Ntcheu, Balaka ndi madera ena, linaphwa mu 2018. Kuchepa kwa mvula pamodzi ndi kutha kwa mitengo m'dera limene damulo limatunga madzi zinatchulidwa kuti ndizo zinachititsa vutolo. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto ndi kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo kulitsatira n'kuteteza mwana amene amawoloka mtsinje kumunsi.

Masabata ano mvula isanakhazikike ndiyo nthawi yabwino yoti mafumu, makhansala, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, pamodzi ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ayendere njira zimene anthu awo amadutsa kwambiri. Ayenera kuzindikira madooko amene amadzala msanga, milatho ya mitengo imene yawola, ndi malo amene njira yadyeka m'mphepete mwa phompho. Zina mwa zimenezi mudzi ukhoza kukonza wokha pa tsiku limodzi la chitukuko, monga kukwirira zigwembe, kuika miyala ndi kubzala udzu wa vetiva. Zimene zikuposa mphamvu za mudzi zilembedwe ndi kuperekedwa ku khonsolo kudzera mwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya m'dera, kuti ziganiziridwe m'ndondomeko ya ntchito za boma.

Midzi imene ili m'mbali mwa njira zazitali ikumbukirenso mwambo wakale wolandira wapaulendo amene mvula kapena mdima wamupeza. Munthu amene akudziwa kuti akagogoda pakhomo apatsidwa mphasa sakakamira kuwoloka mtsinje wodzala usiku. Makolo nawonso apeze madzulo amodzi sabata ino okhala pansi ndi ana awo amene amapita kusukulu kapena kubusa kudzera m'mapiri, n'kugwirizana nawo za nyumba imene angathawireko mabingu akayamba, ndi dooko limene sayenera kuwoloka madzi akada.